Mmene Chiswe Chinanditchira Dzina

Ndikukumbukira bwino tsiku limene ndinadziwa kuti dzina langa ndi la mbava. Ndinali mu Sitandade 4 pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Madzimoyo, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija ili m'kati, tauni imene pano tikuti Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Mphunzitsi wa kalasi yathu anali atate anga, munthu wamtali, wa jekete imodzi ndi chikwapu chimodzi, ndipo ziwirizi ankazisamala mofanana.

Atate anali ndi buku la nkhani zachingerezi limene mbusa wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo, ine ndisanabadwe. Bukulo linakhalitsa m'bokosi lamatabwa dzinja lonse, chiswe n'kulowera kumbuyo, kudya chikuto pamodzi ndi tsamba lomaliza. Ukalitsegula linkanunkha dothi lonyowa. Choncho nkhani yotsiriza m'bukumo, imene atate ankaikonda kuposa zonse, inalibe mathero.

Nkhaniyo inali ya mudzi wina wa ku Mangalande kumene atsekwe ankasowa m'makola mmodzimmodzi. M'mudzimo munali Bambo Tadiwelo, woliza belu la tchalitchi. Tsekwe akasowa, woyamba kufika kudzapepesa anali iyeyo, ndipo anadzipereka yekha kulondera makola a anzake. Mlembi ankati Tadiwelo anali ndi chisoni chachikulu moti mkazi wake anachita kumukulitsira malaya kawiri. Agalu onse a m'mudzi ankamutsata n'kumamunyambita zala, ndipo pachipewa pake sipankasowa kanthenga koyera. Tsamba lathu lomaliza linkathera pamene anthu a m'mudzi aima pakhomo pa Tadiwelo, akugogoda. Zotsatira zake ankazidziwa ndi chiswe chokha.

Kwa atate panalibe chovuta. Anthu aja, iwo ankatero, anabwera kudzathokoza, ndipo wakuba atsekwe anali nkhandwe. Munthuyo anawagwira mtima kwambiri moti nditabadwa ananditcha Tadiwelo. Chaka ndi chaka ankaphunzitsa ana kuzukuta khalidwe lake. Ankati munthu wa m'nkhani umamudziwira pa zochita zake, pa zimene anzake amanena za iye, ndi pa zizindikiro zimene mlembi wamuveka. Nthenga yoyera inali chizindikiro cha mtima woyera. Agalu ankasonyeza kuti ngakhale nyama zimadziwa munthu wabwino. Za malaya, atate ankafotokoza kuti ku Ulaya chisoni chimatupitsa thupi chifukwa cha kuzizira. Akamaliza ankandiloza ndi choko n'kunena kuti ndidzakhale ngati mnzanga wa dzina. Ine ndinkatuluka m'kalasi chifuwa chili patsogolo, moti anzanga ankandida nazo.

Chaka chimenecho kunabwera kalata yoti Mzungu woyendera masukulu afika kwathu. Tonse tinkadziwa zimene zinaonekera mphunzitsi wa sukulu yoyandikana nafe. Mzunguyo atamulembera lipoti loipa, anamutumiza ku Malambo, kuchigwa chotentha cha Luangwa, kumene sukulu inkathera Sitandade 2. Atate akanapita kumeneko, ine sukulu yanga ikanathera pompo, amayi n'kusiya dimba lawo la nzimbe. Atate anasankha kuonetsa mlendoyo phunziro limene ankalidalira, la Tadiwelo, ndipo woyankha mafunso anasankha ine.

Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, tinakhala pakhonde kukonzekera. Amayi anali pamphasa chapafupi, akusenda mtedza. Iwo sanapondeko m'kalasi, ndipo chilembo ankachiona ngati mapazi a nkhuku. Pofuna kuti ndimvetse bwino, atate anamasulira nkhani yonse m'Chinyanja, pang'onopang'ono, akukometsera mawu. Atafika pamene chiswe chinalekezera, amayi analankhula osadzutsa mutu.

"Wakuba atsekweyo ndi yemweyo."

"Mwati chiyani, amake Tadi?"

"Ndati ndi yemweyo. Munamuona kuti munthu wonenepa ndi chisoni? Ine amayi anga atamwalira nsalu inkachita kundizungulira kawiri. Komanso galu sanyambita mtima, aphunzitsi, amanyambita mafuta."

"Izi n'za m'mabuku," anatero atate, akukonza magalasi. "Mlembi mwini wake akumuyamikira munthuyu."

"Nafenso pamtondo timayamikira. Simunatimvepo tikuimba kuti apongozi ndi aulere, ntchafu imodzi ya nkhuku amagawira mudzi wonse?"

Atate anatseka buku n'kunena kuti Chingerezi si pamtondo. Ine ndinawakwiyira amayi kwambiri, pakuti ananyoza dzina langa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtedza umene anandipatsa ndinaukana. Ndinaudya pambuyo pake iwo atalowa m'nyumba.

Tsikulo litakwana tinazira kalasi, tinasesa bwalo mpaka nyerere zinasowa pobisala, ndipo mapazi tinawakwecha ndi mwala kumtsinje. Mlendoyo tinamumvera patali, njinga yake yamoto ikulira m'mapiri. Anatsika ali fumbi lofiira thupi lonse, nkhope yopsa ndi dzuwa, Chinyanja chake chotulukira m'mphuno. Anakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kabuku ndi pensulo. Ataona nkhani imene atate asankha anamwetulira, kusonyeza kuti ankaidziwa. Koma atate ataitana dzina langa, Mzunguyo anatulutsa kansalu n'kutsokomolamo nthawi yaitali, mapewa akugwedera. Ndinaganiza kuti ndi fumbi la m'njira.

Anandifunsa yekha chifukwa chimene mkazi wa Tadiwelo anakulitsira malaya. Ndinaima njo, manja kumbuyo, n'kulakatula Chingerezi chonse chimene ndinaloweza: chisoni, kuzizira kwa ku Ulaya, kutupa kwa thupi, mtima woyera. Ndikulankhula choncho ndinaona kumwetulira kwake kukuzima. Anayang'ana atate, natsegula kabuku kaja, n'kunyambita nsonga ya pensulo. Atate anali chilili pafupi ndi bolodi, thukuta likutsikira m'kolala ya jekete. Ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha, ndipo mtima wanga unasweka. M'maso mwanga munangobwera ngolo itasenza mphasa zathu ikulowera ku Malambo.

"Zimene mwaphunzira pa munthuyu ndi zokhazi?" anafunsa Mzunguyo m'Chinyanja chake chija.

Mpaka lero sindidziwa kuti pakamwa panga panatseguka bwanji. "Iyayi, bwana. Galu sanyambita mtima, amanyambita mafuta. Atsekwe anadya ndi Tadiwelo."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mnzanga wina kumbuyo anakuwa kuti, "Waulula yekha!" Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma Mzunguyo anaimirira akuomba m'manja. Anati yankho langa loyamba linali la anthu a m'mudzi uja, amene ananamizidwa, ndipo lachiwiri linali la wowerenga wamaso. Analemba liwu pabolodi n'kuliwerenga kuti ayironi. Ine ndinadabwa kuti simbi yamakala yositira jekete ya atate, imene nayonso tinkaitcha ayironi, yalowa bwanji m'nkhani ya atsekwe. Iye anafotokoza kuti ndi luso loyamikira munthu ukumunyogodola, kunena china ukutanthauza china. Nyimbo za pamtondo zija basi, kungoti zavala nsapato.

Kenako anandifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi. Ndinayang'ana atate, atate anayang'ana denga. "Kunyumba, bwana," ndinatero, ndipo silinali bodza.

Mlendoyo anawagwira atate chanza mwamphamvu. Atate, pokhala munthu wosakonda kudya za eni, anayesa kukonza zinthu. Anamuonetsa bukulo n'kunena motsitsa mawu kuti tsamba lomaliza sanaliwerengepo, linadyedwa ndi chiswe. Mzunguyo m'malo mokhumudwa anachita kugwira pakamwa. Anati kugwira mbava popanda tsamba lomaliza ndiye uphunzitsi weniweni, ndipo pensulo ija inayamba kuthamanga m'kabuku. Anatulutsa buku lake lathunthu m'chikwama n'kuwabwereka atate kuti akopere mathero. Ndinawaona akuwerenga ataimirira. Tsambalo linkati anthu a m'mudzi aja atalowa m'nyumba ya Tadiwelo anapeza mitsamiro yodzaza nthenga mpaka kudenga, ndi mtsuko wa mafuta a tsekwe kuseri kwa chitseko.

Pobwerera kunyumba atate anali patsogolo, ine pambuyo. Ndinkangoyang'ana chikwapu chili m'khwapa mwawo n'kumawerengera kuti chindipeza pati. Tinapeza amayi akuanika mtedza pabwalo. Atate anaima patsogolo pawo n'kuvula chipewa, chinthu chimene ankachitira abusa okha.

"Amake Tadi, anali yemweyo."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero amayi, osamaliza n'komwe mwambiwo. "Nanga ku Malambo tikupita?"

"Sitikupita. Koma mwanayu timusinthe dzina."

"Musiyeni, lamuzolowera. Asabe basi."

Kuyambira pamenepo nkhani iliyonse yachingerezi inkayamba yadutsa pakhonde isanalowe m'kalasi. Atate ankamasulira, amayi akusenda kapena kupeta, n'kumagamula kuti uyu ndi wabodza, uyu akufuna mkazi wa mnzake, uyu afa nkhani isanathe. Sankaphonya kawirikawiri. Anzanga ananditcha Kadyatsekwe mpaka ndinamaliza sukulu, ndipo nkhuku ikasowa m'mudzi ankandinunkhiza zala.

Masiku ano adzukulu anga ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ali ndi mabuku athunthu, onunkhira bwino, ndipo kumapeto kwake kuli mayankho owauziratu kuti wakuba ndani, chizindikiro n'chiti. Amakhoza mayeso, inde, koma munthu akawaseketsa pang'ono amakhulupirira zonse. Ndikawauza kuti ayambe ayang'ana chimene galu akunyambita, amati agogo akalamba.

Atate atamwalira ndinapeza buku lija m'bokosi lachitsulo. Kumbuyo kwake anasokererako ndi ulusi tsamba lolemba pamanja, mathero aja. M'munsi mwake anawonjezera mzere umodzi m'Chinyanja: "Izi anaziona ndi amake Tadi, tsambali lisanapezeke." Amayi anakhala ndi bukulo m'nyumba zaka zonsezo osadziwa kuti alimo. Nditawawerengera anasisita tsambalo ndi chala. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu n'kuseka.

"Bambo akowa," anatero, "akanangondiwerengera iwe usanabadwe."