Mawu a Udzudzu

Pamsewu umenewo panalibe womuitana ndi dzina lake. Onse ankangoti a Mawayilesi, ngakhale kuti mawayilesi okonzetsa anali atasiya kalekale kubwera. Masiku ano wayilesi ikafa anthu amangotaya. Iye anatsala ndi ma ampulifaya a m'matchalitchi, masipika ong'ambika a m'mabala ndi mbaula zamagetsi za amayi apafupi. Kashopu kake kanali pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa penti: chitseko chimodzi, windo limodzi, tebulo lalitali lodzaza zipsera, ndi fungo la mtovu wosungunuka lomwe linalowerera mpaka m'malaya ake.

Sanali wa zokamba zambiri. Mkazi wake ali moyo ankadandaula kuti m'nyumba muli anthu awiri koma pakamwa pamodzi. Chimene iye sankatha kupirira ndi ntchito yauve. Akatsegula chinthu n'kupeza mawaya opiringizana, omata ndi tepi, ankachotsa zonse n'kuyala mwatsopano, waya aliyense m'njira yake ngati mizere ya m'munda. Ena ankamufunsa chomwe akuvutikira, poti m'katimo simudzaona munthu. Iye ankangoti, "Ndaonamo ine."

Panali chinthu chimodzi chokha chimene sanaloledwe kutsegula: gitala ya mlamu wake.

Mlamuyo, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, masana ankayendetsa galimoto yogawa buledi, ndipo kumapeto kwa sabata ankaimba gitala yamagetsi m'kabandi ka anthu asanu. Anthu ankamutcha Udzudzu. Sikuti anali woonda, ayi, anali chimunthu cha mimba. Dzinali linachokera ku gitala yake, yomwe inkalira mopyapyala, mwa m'mphuno, n'kumapyoza pakati pa ng'oma ndi besi mpaka kulowa m'khutu mwa munthu wokhala kumbuyo kwenikweni. Mawaya ake anali atalumikiza yekha ali mnyamata, osadziwa kanthu za magetsi.

"Alamu, gitala yanuyi ili ndi chimfine," a Mawayilesi ankatero akakumana. "Bweretsani ndiione."

"Chimfine chimenechi ndi chimene chinagwetsa mlongo wanu. Mukuganiza kuti anatsata nkhopeyi? Ukaipa dziwa nyimbo, alamu."

"Ndingotsegula basi."

"Inu kutsegula? Ndikuoneni. Mudzandibwezera ikulankhula ngati mphunzitsi wamkulu."

Ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Zinayenda chotero mpaka onse awiri anamera imvi.

Kenako inabwera sitiroko. Inamupeza Udzudzu akutsitsa buledi pakhomo la golosale. Atatuluka m'chipatala, mbali yonse ya kumanja inali itafa, kamwa litapotoka, mawu atatheratu. Munthu amene ankalankhula ngakhale ali m'tulo anatsala ndi maso ndi dzanja lamanzere. Anamugoneka m'chipinda chapafupi ndi khomo kuti aziona anthu odutsa. Gitala inakwera pamwamba pa wadirobu.

Amene anaitsitsa ndi mwana wawo wamkazi, mayi wa ana awiri, wogulitsa mankhwala mu famase. Iyeyu anaphunzira nyimbo zingapo pamiyendo ya bambo ake. Ataiyatsa inalira pang'ono, kenako inayamba kuthetheka ndi kudukiza. Mayi ake anaikulunga m'bulangeti n'kupita nayo kushopu.

"Achimwene, mwanayu akufuna aziwaimbira bambo ake. Dzulo inangolira kamphindi, koma mukanawaona nkhope. Chidwalireni sindinawaone chotero. Mungolumikiza pamene paduka."

"Siyani pamenepo," anatero a Mawayilesi.

Mlongo wake atapita anapukuta tebulo, anayala nsalu, anamasula nsambo, kenako tizitsulo tomangira chivundikiro. Vuto analiona nthawi yomweyo. Kawaya kamodzi kanali katathothoka pabowo lolowetsa chingwe cha ku ampulifaya. Dontho limodzi la mtovu likanakwana.

Koma maso ake anali atapita kale kwina. Pansi pa nsambo za gitala yamagetsi pamakhala tizitsulo ta maginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala ngati tsitsi. Amatitcha mapikapu, ndipo ndi tomwe timatola kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku sipika. Gitala iyi inali ndi awiri. Wakumtunda anali atachita dzimbiri ndi thukuta la zaka zonsezo, ndipo atamuyeza anapeza kuti watsala ndi theka la mphamvu. Mawaya a awiriwo anali olumikizidwa motembenuza, kotero kuti m'malo mothandizana ankalandana mawu. Panali kakapasita kochotsedwa mu wayilesi yakalekale, waya wa belu la pakhomo, tepi womata yemwe anasanduka phula. Ndiye chimfine chija chimenechi, anatero mumtima.

Anakhala nthawi yaitali atagwira chowotcherera m'manja. Anaganiza za mlamu wake chigonere, wopanda chomwe angamuchitire. Mankhwala sankawadziwa. Kucheza ndi wodwala sankakutha. Akapita kukamuona ankangokhala pampando n'kumayang'ana mawaya a denga. Ichi chokha ndi chimene manja ake ankadziwa. Anaganiza kuti ampatse mlamu wake mphatso.

Anachotsa zonse. Anagula pikapu watsopano. M'malo mwa kaswichi kakale anaika swichi ya malo asanu, kuti munthu azisankha pikapu wakumtunda yekha, wakumunsi yekha, onse pamodzi, kapena motsatizana kuti mawu anenepe. Chopotokola cha voliyumu anachisintha ndi china choti ukachikoka mawu amawala ngati belu. M'kati anamatamo pepala la mkuwa loletsa kulira kwa magetsi. Sanagwirepo ntchito yokongola ngati imeneyo. Zakalezo anaponya m'katoni ya zotsalira, ndipo wogula zitsulo zakutha atadutsa ndi ngolo yake anatenga katoni yonse monga mwa masiku onse.

Lamlungu masana ananyamula gitala ndi ka ampulifaya kupita kwa mlongo wake. M'chipindamo munkamveka fungo la mafuta othira pamsana. Udzudzu anali atatsamiritsidwa pamapilo, atametedwa ndevu. Ataona gitala yake diso lamanzere linaseka.

Mwana uja anakhala m'mphepete mwa bedi, anachuna nsambo, n'kuyamba kanyimbo kamene bambo ake ankatsegulira dansi. Mawu anatuluka odzaza, osalala, opanda kachilema. A Mawayilesi anawerama n'kusuntha swichi. "Mverani apa, alamu." Anasunthanso. "Nanga apa." Anakoka chopotokola chija. "Apanso."

Udzudzu anamvetsera malo onse asanu. Anayang'ana gitala, anayang'ana mlamu wake. Kenako ndi dzanja lamoyo lija anagwira m'mphepete mwa matilesi, anadzikoka pang'onopang'ono mpaka nkhope inaloza kukhoma.

Mwanayo anagwira nsambo kuti zitonthole.

"Amalume, mwaitani?"

"Ndaikonza."

"Amayi anakuuzani kuti mulumikize waya. Inu mwatibweretsera gitala ya eni ake itavala malaya a ababa."

"Iwe, amalume ako amenewo," anatero mayi ake motsitsa.

"Ndikuwadziwa. Zakalezo zili kuti? Mubwezeremo."

A Mawayilesi anatuluka m'chipindamo. Pakhomo mlongo wake anamugwira mkono. "Pakamwa anawalanda kale, achimwene. Mawu awo anatsala m'gitalamo basi."

M'mawa mwake sanatsegule shopu. Anapita kumene amaunjika zitsulo zakutha, kuseri kwa magalaja. Mwini malowo anamuonetsa phiri la mafiriji, malimu a galimoto ndi mawaya owotchedwa, n'kumuuza kuti zing'onozing'ono zimapita ndi lole sabata iliyonse. A Mawayilesi anafukula ndithu mpaka dzuwa linapendeka. Anabwerako ndi bala pachala.

Ndiye anayamba kufunafuna mawuwo ndi manja. Kutembenuza mawaya kunali kosavuta. Gitala inapyapyala, koma mwaukhondo, ngati munthu wathanzi woyerekeza kudwala. Anapita nayo. Udzudzu anamvetsera pang'ono n'kutseka chikhatho. Anasintha kapasita, anapitanso. Anafukula mawayilesi akale pansi pa tebulo n'kuchotsamo makapasita amitundumitundu. Ulendo uliwonse mlamu wake ankatembenuza nkhope, ndipo ulendo uliwonse ankaoneka wochepa pabedipo kusiyana ndi kale.

Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti sankawakumbukira bwino mawuwo. Zaka zonsezo anali asanawamvetsere. Ankangomva vuto lofunika kukonza. Kaseti yokhayo imene bandi inajambula inali itadyedwa ndi wayilesi ana adakali aang'ono.

Tsiku lina mphwake, mwana wa mlongo wake uja, anatulukira kushopu atavala yunifomu ya ku famase. Mkwiyo unali utaphwa. Anakhala pa sipika yakufa.

"Imbani ndimve."

A Mawayilesi anakhwatcha nsambo.

"Ayi. Iyo ndi mbuzi. Ya ababa inkatere." Anatsina mphuno yake n'kulira kanyimbo kaja, nyii nyii, mutu ukugwedera ngati wa bambo ake. Ometa tsitsi anasuzumira pawindo.

"Mwayamba kwaya, a Mawayilesi?"

"Kameteni anthu uko," anatero mayiyo, osasiya mphuno. "Mwamva, amalume? Kumapeto kwake inkachita ngati ikufuna kulira koma ikudziletsa. Ndiye inkakanda pang'ono, ngati pakhosi pali mchenga."

"Bwerezanso."

Anabwereza. Onse awiri anaseka pang'ono, kenako mayiyo anapukuta maso ndi kolala.

"Adokotala akuti mtima watopa. Musachedwe nayo."

Kuyambira tsiku limenelo a Mawayilesi anayamba kuchita zimene sanachitepo chibadwire. Anachotsa swichi yake ya malo asanu. Anamatula pepala la mkuwa lija. Anatenga pikapu watsopano uja, anamutsegula, n'kuyamba kumasula waya wopyapyalawo, kuyeza, kumasulanso, kuti amufooketse mpaka theka. Woyamba anamudula mwangozi. Anagula wina. Analumikiza ndi waya wa belu, anasiya mtovu uli mabulumabulu, anakulunga ndi tepi. Manja ake ankakana, ankafuna kuwongola, iye n'kumawakakamiza. Ma ampulifaya a anthu anaunjikana pakona. Wa tchalitchi china anabwera kudzatenga yake yosakonzedwa, akung'ung'udza.

Mlongo wake anamuuza kuti aleke. "Madzi akatayika saoleka, achimwene. Mwaonda. Bwerani muzingokhala nawo."

"Ndatsala pang'ono," anatero.

Ndipo analidi pafupi. M'mawa wina atakhwatcha nsambo, tsitsi linamuimirira. Mphuno inalipo, kupyoza kunalipo. Koma kamchenga kaja kanalibe, ndipo anadziwa kuti kameneko kanali dzimbiri ndi thukuta la munthu mmodzi, zimene sizigulidwa pa shopu iliyonse. Anamanga chivundikiro n'kunyamuka.

Anapeza mapilo awonjezedwa, chifukwa Udzudzu sankathanso kupuma atagona chagada. Masaya anali atalowa. Mphwake anabwera kuchokera kuntchito, analandira gitala osafunsa kanthu, anachuna, n'kuyamba kanyimbo kaja.

Mawu opyapyala anadzaza chipinda. Mayi ake anagwira pakamwa. Udzudzu sanatembenukire kukhoma. Anamvetsera mpaka pakati pa nyimbo, kenako maso ake anachoka pa gitala n'kupita pa mlamu wake, amene anaima pafupi ndi chitseko atagwira chipewa. Anayang'ana malaya omwe anayamba kumukulira, zala zamatuza, bala lija lomwe linali lisanapole. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu, kawiri, n'kukweza chala chachikulu.

"Mwaipeza, achimwene," anatero mlongo wake akulira. "Avomera. Mwaipeza."

A Mawayilesi anali ataonera mlamu wake akuimba kuyambira onse ali anyamata. Udzudzu mawu akamufika pamtima sankagwedeza mutu. Ankatseka maso, n'kuiwala kuti m'chipinda muli anthu. Tsopano maso ake anali otsegula, ndipo anali pa iye.

Mphwake anadzutsa nkhope n'kuyang'ana amalume ake. Nayenso anali ataona. Zala zake sizinaime.

Udzudzu anamenya pamatilesi ndi chikhatho, kumuitana. A Mawayilesi anasendera n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Dzanja lamanzere lija linafufuza mpaka linapeza mkono wake, linaugwira, lopepuka ngati la mwana.

"Alamu," anayamba a Mawayilesi, koma dzanjalo linamufinya pang'ono kuti aleke.

Analeka. Anakhala pomwepo mpaka nyimbo inatha, ndipo mlongo wake atapempha kuti ibwerezedwe, anamvetseranso.