Khutu Lopindika

Apongozi anga aakazi amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Makina awo ndi opalasa ndi mapazi aja, ndipo akamayeza mwana amaluma mapini, osalankhula. Nditangokwatiwa ndinkaganiza kuti sandifuna. Pambuyo pake ndinazindikira kuti chimene amabisa ndi mawu awo.

Mumsewu mwathu achikulire amawatcha Mai Chiphe, koma chakumbali. Ali mtsikana anasewerako sewero la pa kanema, lija anthu ankasiya ndiwo zikupserera kuti akasuzumire pawindo la aneba. Iwo anali mayi womupeza amene anathira chiphe mutiyi wa mwana wa mwamuna wake. "Imwa, usaope, ndine mayi ako." Mawu amenewo anawakakamira ngati phula. Sewerolo litatha, kumsika ogulitsa tomato ankayang'ana kumbali, ndipo m'basi amayi ankasuntha ana awo. Anasiya zisudzo n'kugula makina. Mpaka lero mwana wa kasitomala akapempha madzi akumwa, amatuma ine.

Masiku ano kanema amabwereza masewero akale masana. Apongozi akangomva nyimbo yoyambira amazimitsa, amati tisamawononge magetsi. Choncho ine sewerolo ndinali ndisanalionepo.

Amayi anga ondibereka ndiwo amalidziwa mutu ndi mchira. Akalikumbukira amatukwanabe mayi uja, ndipo mwana wophedwayo amamutchula ngati mbale wathu. Paukwati wanga sanazindikire kanthu, poti apongozi ananenepa, tsitsi linachita imvi, ndipo anangopereka moni wapansipansi. Ine sindinawauze. Ndikanayambira pati?

Mwana wanga atadwala, thupi likutentha, amayi anabwera kudzationa. Titadya masana anakhala pabalaza n'kuyatsa kanema okha.

"Asewere, mundilole, nthawi ya sewero langa yakwana!" anafuula chakukhonde.

Makina anasiya kulira. Ine ndinali pamkeka, mwana ali pamiyendo. Pa kanemapo panali mtsikana wowonda, wamaso akuthwa, akutakasa tiyi.

"Ndi lero," anatero amayi. "Taona mfitiyo."

Nthawi ya mankhwala inakwana. Mwana wanga kwa ine amalavula, amamwa kwa apongozi okha. Apongozi analowa ndi botolo ndi sipuni, nkhope ataibisa kuti isayang'anizane ndi kanema. Anagwada, mwana n'kutembenuza mutu, milomo atatseka.

"Imwa," anamunyengerera. "Imwa, usaope."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka. Nthawi yomweyo mtsikana wa pa kanema uja ananena omwewo, ndi kakunjenjemera komweko kumapeto.

Amayi anayang'ana kanema. Anayang'ana apongozi. Kenako anamenya sipuni ija, mankhwala n'kuwazikira kukhoma.

"Ndinu! Mayi uja ndinu!"

Anandilanda mwana n'kumukumbatira pachifuwa.

"Iwe, longedza. Tikupita kwathu pompano. Mdzukulu wanga sagonanso m'nyumba muno."

"Asewere, linali sewero chabe," anatero apongozi.

"Sewero? Maso aja ndi a sewero? Munthu sangachite bwino chonchija chinthu chimene mumtima mwake mulibe!"

Apongozi anatola sipuni n'kuipukuta ndi m'mphepete mwa nsalu yawo. Sanadabwe. Zinkaoneka kuti mawu amenewa anawamva kambirimbiri.

Amuna anga anali kuntchito. Kwathu n'kutali, basi yake ndi yodzaza ndi yotentha, ndipo mwana mankhwala anali asanamwe. Komanso ndinadziwa kuti tikatuluka pakhomopo, apongozi sadzamugwiranso mdzukulu wawo, ngakhale titabwerera. Chibadwire sindinawatsutsepo amayi.

"Ukumva kapena wagontha?" anakalipa amayi.

Posowa koyang'ana, ndinayang'ana kanema. Mwana wa m'sewero anali atagona pansi, kapu itagubuduka, wojambula atayandikitsa pankhope. Khutu lake lakumanzere linali lopindika pamwamba, ngati kona ya pepala. Khutu limenelo ndimalidziwa. Ndimaliona papilo m'mawa uliwonse.

"Amayi," mawu anga anatuluka ang'onoang'ono. "Taonani khutu la mwanayo."

"Khutu latani?"

"Talionani. Ndiye muonenso la amene mwanyamulayo."

Amayi anasuzumira. Kenako anatembenuza kamutu ka mdzukulu wawo, n'kukhudza khutu lake ndi chala. Lopindika, malo omwewo.

Apongozi analankhula maso ali pansi.

"Mwana woti akhale m'seweromo anadwala chikuku, ndiye ndinapita ndi wanga. M'kapumo munali tiyi wa shuga wambiri. Akati wafa, iye amadzuka n'kupempha wina. Wojambula mpaka anakwiya."

Pa kanema anthu anayamba kulira maliro.

"Ndiye mukuti," anatero amayi pang'onopang'ono, "maliro amene ndakhala ndikulira zaka zonsezi ndi a bambo a mwanayu?"

"Omwewo. Malemuwo ali kuntchito, akuwotcherera mageti. Abwera madzulo ndi njala."

Amayi sanaseke. Anaimabe, mwana akulira m'manja mwawo, maso ali pachitseko. Ine ndinadzuka, ndinatsuka sipuni, n'kuiika m'dzanja la apongozi. Amayi anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

Anatenga botolo, analinunkhiza, anawerenga pachikuto milomo ikuyenda. Kenako anakhala pansi n'kugwira mwana manja.

"Thirani ena, asewere."

Sipuni anailondola ndi maso mpaka inalowa m'kamwa. Mwana anameza.

Dzuwa litapendeka apongozi anaphika tiyi. Mwachizolowezi anandipatsa ine kapu kuti ndikapereke kwa amayi, koma ndinanamizira kusintha mwana thewera. Anaima pang'ono, kenako anakapereka okha. Amayi anauyang'ana tiyiyo nthawi yaitali ndithu.

"Shuga mwathira ngati wa malemu aja?" anafunsa.

Ndipo anamwa.