Bokosi la Malemu Linatsala kwa a Kasitomu

Mwana wanga wachisamba sindinamuike m'manda. Anafera ku Joni, chaka chachiwiri titavotera matipate, ndipo anzake a kuno kwathu amene ankakhala naye kumeneko ndiwo anamukumbira dzenje. Ife tinangolandira kalata. Inafikira kusukulu, aphunzitsi n'kudzatiwerengera pakhonde: chifuwa, masabata atatu m'chipatala, taika Loweruka. Basi. Munthu amene ndinamubereka n'kumuyamwitsa anathera pa pepala limodzi, losadzaza n'komwe.

Tinalira maliro opanda mtembo, anthu n'kubalalika. Amene anatsala pamoto ndi mkazi wake. Mpongozi wanga ameneyu anali wachitengwa. Tinachita kukamupempha kwawo ku Bowe kuti adzakhale kuno kumapiri, ndipo anakhala nane zaka zisanu ndi chimodzi mwamuna ali kutali, tikulima munda umodzi. Anali wamng'ono ndithu, ana awiri okha. Kwathu kuno mwamuna akafa, zovala zake zimachapidwa n'kugawidwa kwa abale, namfedwa n'kumetedwa, kenako timamusudzula kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatiwenso. Zimenezi zisanachitike ndi munthu womangika. Sadzola mafuta, savala zowala, ku ukwati sapita, ngakhale kuseka amaseka moba.

Alongo anga aakulu, amene ndiwo eni mbumba, anakana kumusudzula.

"Tigawa chiyani? Pepala?" anatero. "Alipo anthu analiridwapo, patapita zaka n'kutulukira ndi njinga. Zovala zake zifike pano, tizichape, tizigawe. Munthu wamoyo samutumizira zovala kwawo."

Sindinatsutse. Panthawiyo zinkamveka zanzeru.

Chimanga chitayamba kuuma, inabwera kalata yachiwiri. Anzake aja anali atalongedza katundu wa malemu m'bokosi lachitsulo n'kupatsira lole. Anasonkherananso chipepeso: mabulangete awiri anga, wailesi, ndi makina osokera a mkaziyo kuti azilelera ana. Zonse zinali zitafika ku Lilongwe, kwa a kasitomu, anthu oona katundu wolowa m'dziko. Anati mupite ndi kalatayi mukatenge. Mawu ake anali omwewo: mukatenge. Alongo anga miyendo inali itatupa, namfedwa sayenda ulendo, ndiye ndinanyamuka ndekha. Ndinatsika phiri wapansi, n'kukwera matola mpaka pa Mponela, kenako basi. Ndinatenganso nsalu yakale yopangira nkhata, poganiza kuti bokosilo ndikasenza tsiku lomwelo.

Nyumba yosungiramo katunduyo inali yaikulu kuposa chigafa cha fodya cha pa esiteti. Pabenchi panali azimayi a geni, aja otenga katundu kunja, onenepa bwino, zikwama atazikumbatira. Amene anandithandiza anali bambo wachinyamata wovala malaya oyera, waulemu wake. Anatsegula bokosi lija. Fungo la sopo amene mwana wanga ankasambira linandimenya kumaso, ndipo ndinachita kugwira tebulo.

Anatulutsa jekete lakuda n'kulitembenuza. "Ili ndi lakale, eti agogo?"

Apa ndiye ndinadzipha ndekha. Kwathu katundu wa munthu wakufa sitimunyoza. Ngakhale atasiya khasu lakutha, pamaliro timati anasiya khasu labwino. Munthu sangathenso kudziyankhulira, ndiye amene watsala amamuveka. Tsono mnyamata uyu akuti lakale, pamaso pa azimayi onse aja?

"Lakale?" ndinatero. "Mwana wanga sankavala kaunjika, bambo. Ankagwira ntchito kwa azungu."

"Nanga nsapatozi zavalidwapo?"

"Iyeyo nsapato akavala kawiri ankapatsa anthu. Zimenezo n'zam'sitolo."

Anaika cholembera pansi. "Agogo, ndikufunsa bwinobwino. Katunduyu ndi watsopano, kapena ndi woti munthu ankagwiritsa kale ntchito?"

Mayi wina wa pabenchi anatsokomola. Anatsokomolanso, mpaka anandiponda chala. Ine mumtima ndinati nsanje, waona makina. Ndinakweza mawu kuti amve bwino.

"Lembani zatsopano zonse. Wailesi imeneyo kwathu konse kulibe amene ali nayo. Mabulangetewo agwireni mumve kulemera kwake. Si za masewera."

Analemba. Ankati akatenga chinthu, ine n'kuchiyamikira, iye n'kulemba. Mathalauza, malaya, wotchi yakufa, ngakhale mapoto awiri akuda pansi ndinati ndi mtundu wake wotero. Pomaliza anandipaka inki pachala chachikulu, ndinadinda. Kuwerenga sindidziwa, koma ndinadinda monyadira, ngati ndamumangira mwana wanga chiliza.

Kenako anatchula ndalama. Ndinamuuza kuti abwereze. Zinali ndalama zoti kwathu ukanagula ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, mwina ndi ngolo yomwe.

"Za chiyani?"

"Msonkho, agogo."

"Msonkho? Si paja anati matipate abwera, makhadi a chipani atha, msonkho watha? Ine ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa lonse lija."

Azimayi aja anaseka. Iye sanaseke. "Umenewo unali wina. Uwu ndi wa katundu wolowa m'dziko. Amaona mtengo wake wa katunduyo."

"Koma sindinagule! Sindikukagulitsa! Mwini wake wafa!"

"Mukanatero poyamba," anatero motsitsa mawu.

Panja mayi wondiponda uja ananditsatira. "Inu amayi, mwatani kodi? Muno sitiyamikira katundu. Muno chilichonse n'chakutha. Ine ndikabwera ndi nsalu zatsopano ndimalumbira kuti anandipatsa achemwali anga atatopa nazo. Inu zakutha zenizeni mukuti zam'sitolo!"

Ndinabwerera m'katimo kukati ndinanama. Bambo uja anandiuza kuti pepala ladindidwa kale ndipo lapita kwa akuluakulu. Kuti lisinthe, pafunika chikalata cha imfa chochokera ku Joni, chachidindo. Kalata ya kuboma kwathu yonena kuti ndinedi mayi wake. Ndi mndandanda wochokera kwa amene anatumiza, wosiyanitsa za malemu ndi zatsopano. Akatero, zovalazo zikanatuluka mosavuta, koma makina, wailesi ndi mabulangete msonkho wake unalipobe, wokwera ndithu. Anawonjeza kuti tsiku lililonse limene bokosilo likugona mmenemo lili ndi mtengo wake. Bokosi kulipira lendi! Nkhata yanga ndinabwerera nayo m'manja.

Kunyumba alongo anga anayamba ndi kufunsa za wailesi, kuti ndi ya mabatire angati. Nditafotokoza zonse anati, "Mwaona? Nkhani za m'maofesi si za akazi." Ndinawafunsa ngati iwo akanati jekete la mphwawo ndi sanza. Anayang'ana kumbali.

Chaka chimenecho ndinayenda ngati wamisala. Ku Ntchisi boma ndinapita katatu. Ulendo woyamba wolemba makalata kunalibe. Wachiwiri anati bwerani kaye ndi chikalata cha ku Joni, ife tilembe potsatira chimenecho. Ku Joni nako, aphunzitsi analemba makalata awiri, yankho n'kubwera mvula itagwa kale. Anzake aja anapepesa. Anati iwonso kumeneko amakhala mobisala, alibe mapepala, ndiye kupita ku ofesi kukapempha chikalata cha munthu wakufa n'kudzipereka okha kuti awathamangitse. Mndandanda wokha ndiwo anatumiza, wolemba pamanja. Ndinapita nawo kuboma ulendo wachitatu, msewu utasanduka phala, galimoto titachita kuikankha pachitunda, matope mpaka m'mawondo. Anauyang'ana n'kunena kuti ulibe chidindo.

Mbuzi zanga zinayi zinathera m'matola. Osati kulipira msonkho ayi, kungoyendera. Nthawi imeneyo ndalama inali itagwa, mtengo wa basi ukusintha ngati nyengo. Umapita ndi mtengo wina, pobwera wina. Ndipo ndikafika ku Lilongwe kukadandaula, ndinkapeza ngongole ya bokosi yakula kuposa mmene ndinaisiyira. Chimene chinkandiwawa n'chakuti panalibe munthu woti ndimutukwane. Aliyense ankandipatsa mpando. Aliyense ankati pepani agogo, ndi lamulo. Lamulolo sindinalione nkhope yake.

Uku mpongozi wanga ankangofota. Khungu linachita mamba chifukwa chosadzola, tsitsi linapotana, duku lakuda lija linasanduka lotuwa. Mng'ono wake anakwatiwa ku Bowe, iye osapita. Tsiku limenelo anakalowa m'munda n'kupalira mpaka dzuwa kulowa, osadya. Mayi ake anabwera kudzationa, ndipo sanabise mawu.

"Asewere, mwana wathu mwamusandutsa chikole cha bokosi? Anakwatiwa ndi munthu kapena ndi makina?"

Atapita, mpongozi wanga anandipeza ndikusankha nyemba.

"Amayi, ine makinawo sindikuwafuna. Kusoka sindidziwa n'komwe."

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Ndatopa, amayi."

Anangonena zomwezo, n'kutenga ndowa kupita kudambo.

Mvula yachiwiri itayandikira, kunabwera uthenga woti katundu wokhalitsa amugulitsa pa okushoni. Ndinagulitsa nkhuku zotsala n'kupitanso. Ndinamupeza bambo yemwe uja.

"Bambo, makina tengani. Wailesi tengani, mabulangete mufunde. Ndipatseni jekete lokha. Limodzi. Ndikaonetse kwathu kuti mwana wa eni ake amasuke."

Anapukusa mutu. "Pepala ndi limodzi, agogo. Zonse zinalembedwa pamodzi. Ndikachotsapo chimodzi, mawa akawerenga, ntchito yanga yatha."

"Ndiye ndiloleni ndiligwire."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kukatsegula. Ulendo woyamba uja sindinaliyang'ane jeketelo, ndinali kalikiliki kuliyamikira. Tsopano ndinaliyala pamiyendo. Kolala inali yoperepeseka. M'khwapa munali mong'ambika, mosokedwa ndi ulusi woyera pansalu yakuda, misoko ikuluikulu yokhotakhota, ya mwamuna wosoka yekha. Thumba limodzi linali lobooka. Mwana wanga ankatitumizira ndalama ya feteleza chaka ndi chaka, iye akuyenda ndi jekete lotere, ine kuno n'kumauza anthu kuti amadya ndi azungu patebulo.

"Taonani, bambo," ndinatero. "Lakale ili. Taonani m'khwapamu."

"Ndinaona tsiku lomwe lija, agogo. Ndinakufunsani katatu."

Sindinalire pamaso pake. Ndinalipinda bwinobwino, manja m'kati, n'kulibwezera ndekha m'bokosi.

Nditafika kumudzi sindinalowe m'nyumba mwanga. Ndinapita kwa alongo anga, fumbi la ulendo lili m'mapazi.

"Achimwene, bokosi silibwera. Mawa ndikumumeta mwana uja."

"Popanda chogawa? Mizimu mukaiuza chiyani?"

"Ndikaiuza kuti ipite ku Lilongwe ikalipire."

"Chemwali, pakamwa panu pomwepo ndi pamene panatitayitsa katundu."

"Eya, ndi pomwepa. Ndinalakwa ine. Nanga mtsikanayu analakwa chiyani? Mwana ndi wanga, ndinamubereka ndine, ndipo ndikukuuzani kuti anafa. Jekete lake ndaligwira ndi manja awa. Munthu wamoyo sangalole kuti mayi ake alione lili choncho."

Anati iwo sabwera, ndipo chilichonse chikadzachitika m'banjamo ndisadzawatchule. Sanabweredi.

M'mawa mwake ndinaitana azimayi awiri achikulire ndi mayi ake a mtsikanayo, amene anali atabweranso kudzamuona. Tinamukhazika pamphasa kuseri kwa nyumba. Lezala ndinagula pa okala, latsopano, ndipo ndinameta ndekha. Tsitsi linali lolimba ngati udzu wa padenga, mpaka ndinamucheka pang'ono kuseri kwa khutu. Sanadandaule. Titatha anakasamba, ndinamudzoza mafuta kumsana, n'kumupatsa chitenje changa chofiira chimene ndinkasungira ku tchalitchi. Chogawa panalibe, ndiye ndinangoyankhula. Ndinati mwana wanga, mkazi wako wakudikira mokwanira, katundu wako ali m'manja mwa boma, usamuvutitse, ukafuna wovutitsa ubwere kwa ine.

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, iye, mayi ake ndi adzukulu anga awiri, pakuti ana amatsata mayi. Matola atafika, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Amayi, munda uja mulima ndi ndani?"

"Kwera, galimoto ikusiya."

Anakwera. Bokosi lija ndinamva kuti analigulitsadi mwezi wotsatira, pamodzi ndi katundu wa anthu ena. Sanatiuze kuti anagula ndani. Alongo anga sanandiyankhule mpaka titakolola, ndipo mizere ya chaka chimenecho ndinaunga ndekha, theka la munda n'kugonera.