Botolo la Aneba Osamwa Mowa

Aneba athu kuno kudera la Lawrence ndi mkulu wa mpingo, mowa samwa, koma amasunga botolo la wisiki. Ali pasukulu ku Scotland ankagwira ganyu yotembenuza chimera pafakitale yopanga wisikiyo ya pachilumba china, yomwe amati inatsekedwapo zaka zambiri n'kudzatsegulidwanso. Mlendo aliyense amamununkhizitsa botololo. Ambiri amati, "Mankhwala a kuchipatala awa!" Iwo amangopukusa mutu n'kutseka.

Ine chimalizireni sukulu ndimangokhala, palibe wondifunsa maganizo. Tsiku lina anebawo anandiitana. "Iwe, tanunkhiza."

"Ngati dambo likamapsa, bambo. Ndi kamchere pang'ono."

Anandiyang'anitsitsa. "Eya! Chimeracho tinkachiumitsa ndi utsi wa dothi la m'dambo. Mphuno imeneyi usaiseweretse. Mawa ubwere, ndikuphunzitse zambiri."

Ndinafika asanadzuke.