Asibweni anakhoza samu

Lachiwili lapitali anandiimbila foni kuti asibweni, alongo awo a amayi anga, agwa m'munda wa fodya ku Mphamba. Chizungulile. Anawanyamula pangolo maso atatembenuka, akazi awo akulila ngati pachitika kale malilo.

Ndinawapeza atatsitsimuka, ali tsonga pamphasa. Ndinapempha kuona mankhwala a BP amene anakatenga kuchipatala dzulo lake. Kathumba kapulasitiki, pamwamba atalemba ndi bolopeni: 1x3. Basi, palibenso china.

"Asibweni, munamwa angati?"

"Atatu."

"Nthawi imodzi?"

"Nanga? Wani taimusi fili si fili? Iwe, ine sukulu ndinalekela giledi seveni, koma samu sinandigwetsepo."

Ndinafuna kuseka, koma mkwiyo unandigwila. Munthu akanapita kumanda chifukwa chokhoza samu!

M'mawa mwake ndinawapelekeza kuchipatala komweko. Pakawindo kolandilila mankhwala ndinafotokoza zimene zinachitika. Mkulu wopeleka mankhwalayo, osadzutsa n'komwe mutu, anangoti: "Vuto la anthu akumudzi ndi losawelenga. Ndi limodzi katatu pa tsiku. Nekisiti!"

Losawelenga? Bambo inu, asibweni anawelenga, ndipo anawelenga bwino. Inu ndinu amene munalemba funso la mayeso m'malo mwa malangizo. Mawu oti "limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo" akanakuthyolani lilime?

Pitani pa msika wa Lundazi mukagule mankhwala opopela fodya. Wogulitsa akuuzani kuti zivundikilo zingati pa sipuleya imodzi. Akaona kuti mukukanda m'mutu abweleza m'Chitumbuka, kenako akufunsani ngati mwamva: "Mwapulika?" Sakulolani kuchoka musanamuyankhe. Ndiye kuti tsamba la fodya limalongosoleledwa bwino kuposa munthu wolima fodyayo? Zamanyazi.

Ndikudziwa, achipatala ndi ochepa ndipo mzele umafika mpaka pamtengo wa mango. Amatopa, sindikukana. Koma taonani, asibweni anabwelanso kudzaima pamzele womwewo kachiwili. Nthawi imene munapulumutsa posalankhula ili kuti?

Nafenso tili ndi matenda athu. Tikaona chovala choyela timapinda mawondo, kulandila ndi manja awili, kuthokoza kuti "yewo, yewo," chikhalilecho sitinamve kanthu. Tikafika kunyumba ndiye timafunsa aneba, madokotala apakhonde. Akulu anati safunsa anadya phula. Zoona. Komabe ufunsa bwanji munthu amene wakuwa kale "nekisiti" iwe usanatseke chikwama?

Ine ndinatenga bolopeni n'kujambula pakathumba ka asibweni: dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa, pansi pa lililonse kadontho kamodzi. Anayang'ana n'kuti, "Aa, ndi zimenezi? Bwanji osanena?"

Tikutuluka, pakhonde panali mayi wina wamalonda wochokela ku Kasungu, amene anali patsogolo pathu pamzele. Wabeleka mwana wotentha thupi, m'manja muli kathumba kake. Ndinasuzumila. Analembapo 2x3. Mayiyo anali kupinda zala, ndipo ndinamumva akunong'ona yekha:

"Sikisi."

Ndinamugwila dzanja n'kubwelela naye pakawindo paja. Ameneyo ndinamupeza. Nanga amene anatuluka pageti ine ndisanafike, akuwelenga zala zawo, anawagwila dzanja ndani?