Mawu a Kondakitala M'foni Yakufa

Dzina loti a Mawotchi linawakanirira, ngakhale papita zaka zambiri osatsegula wotchi ya munthu. Anayamba ali mnyamata pakhonde la sitolo ya nsapato, ndi kathebulo, kapanira ndi kagalasi ka diso limodzi. Anthu atasiya kuvala mawotchi, iwo anasamukira ku mawailesi. Mawailesi atachepa, anayamba kufunsa anthu a msinkhu wa adzukulu awo popanda manyazi, mpaka anaidziwa foni kunja ndi m'kati. Lero ali ndi kachipinda pansi pa masitepe a nyumba yosanja, kopapatiza moti kasitomala wonenepa amalowa chammbali.

Ndi munthu wovuta, tisabise. Ukabwera ndi foni yoti unayamba waitokosa wekha ndi mpeni, amakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka umve ngati waba. Koma panali chimene ankabisa: manja anali atayamba kunjenjemera. Ntchito yowotcherera tinthu ting'onoting'ono ankaizemba, n'kumangoti foniyi yatha, kaguleni ina. Bodza limenelo linkawadya mumtima, poti sanakule nalo.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina, telala wa mumsewu wakuseri, tepi yoyezera idakali m'khosi. Anamasula kansalu n'kuika foni pathebulo. Inali yakale, galasi long'aluka pakona, kumsana kotupa.

"Bambo, iyi yakhala m'dirowa zaka zinayi. Dzulo ndaichaja tsiku lonse, koma zii."

"Mwaichaja itatupa chonchi? Nyumba yanu yakulakwirani chiyani kuti muiotche? Kaguleni ina, mayi."

"Foni sindikuifuna ayi. Ndikufuna mawu ali m'katimo."

Atelala anafotokoza ataimirira. Amuna awo anali kondakitala wa basi, munthu woti akaitana okwera, ndi a tsidya lina la msewu omwe ankatembenuka. Miyezi isanu yapitayo anadwala sitiroko. Mwendo unabwererako, koma pakamwa panatsekeka. Akati ayankhule pankangotuluka phokoso, iwo n'kuchita manyazi, n'kutembenukira kukhoma. Panali patatha sabata zitatu osayesa n'komwe. Namwino wowaphunzitsa kuyankhula anafunsa ngati mawu awo akale anajambulidwapo penapake, kuti mwina akadzimva okha angalimbe mtima. Mauthenga onse a mawu amene ankatumizira akazi awo ali paulendo anali m'foni imeneyi, kwina kulikonse kunalibe.

A Mawotchi anakoka nyale pafupi. Anatsegula foniyo, anachotsa batire yotupayo mosamala n'kukaiika m'chitini cha mchenga panja. Ataika kagalasi padiso, anaona vuto. Polumikizira batire panali patadyedwa ndi dzimbiri. Panangotsala timadontho tiwiri tachitsulo, tochepa ngati mitu ya mapini. Kuti foni iyake, pankafunika kuwotcherera timawaya pa timadonthoto n'kuipatsa magetsi kuchokera ku kamakina ka pathebulo.

Anatenga chowotcherera, nachiyandikitsa. Nsonga inayamba kuvina. Ankadziwa kuti ikangophonya n'kupsereza za pambali, mawu a munthu uja apita osabweranso. Anachibweza pamalo pake.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Foniyi ingathe kuyaka. Chatha ndi manja angawa. Taonani."

Anawatambasula pansi pa nyale. Anali asanaonetsepo munthu, ngakhale ana awo.

Atelala anawayang'ana manjawo osanena pepani. "Ndiye chikufunika n'chiyani kwenikweni?"

"Nsonga za mawaya awiriwa zikhudze timadontho iti, osasuntha, mpaka zonse zitasamukira mu kompyuta. Theka la ola, mwina kuposa."

"Ine singano ndimailowetsa ulusi uku ndikukangana ndi kasitomala. Tasunthani, bambo."

Anakhala pampando wa a Mawotchi, zigongono pathebulo, waya m'dzanja ili, waya m'dzanja ilo. A Mawotchi anayatsa kamakina, nadina batani la foni. Galasi long'aluka lija linawala. Atelala anakuwa ndi chimwemwe, dzanja linasuntha, foni n'kuzimanso.

"Mwabwera kudzaimba kapena kudzagwira mawaya?" anakalipa a Mawotchi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyambirenso."

Kachiwiri inayaka n'kukhala. Atelala anatchula manambala otsegulira milomo yokha ikuyenda, a Mawotchi nawadina, nalumikiza chingwe ku kompyuta. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, ulesi wake wosaneneka. M'kachipindamo munkatentha. Thukuta linatsika pamphumi pa atelala mpaka kunsonga ya mphuno. A Mawotchi anatenga katoni n'kumawakupiza, kuthamangitsa ntchentche, ndipo bambo wina atasuzumira pakhomo ndi chaja yoduka, anamubweza ndi dzanja osamupatsa ndi moni yemwe. Nkhalamba yonyada ija inasanduka wothandizira m'shopu yakeyake, ndipo sinaone chochititsa manyazi.

Kamzere kanafika kumapeto patatha mphindi makumi anayi. Zala za atelala zinali zitauma moti a Mawotchi anachita kuwasolola mawayawo. Anatsegula uthenga umodzi, wongogwerapo. M'kachipinda muja munadzaza mawu aakulu, kumbuyo kukumveka injini ndi anthu.

"Mayi a ana! Basi yatifera panjira, musandidikire. Koma chakudya changa musapatse mlamu wanu uja, ndikubwera ndithu!"

Atelala anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, tepi yoyezera ili kukamwa. A Mawotchi anayamba kufunafuna sikuludiraiva imene inali m'dzanja lawo lomwe.

Panapita mwezi osamva kanthu. A Mawotchi sanafune kukafunsa, poopa yankho. Komabe tsiku lija linawasintha: ntchito imene manja awo sangaithe anayamba kuinena poyera n'kulozera anthu kwa okonza ena, ndipo mumtima ankathokoza telala amene anaona manja awo osawamvera chisoni.

Lachinayi lina, cha m'ma 3 koloko masana, foni yawo inalira. Anali atelala.

"Bambo, musadule. Pali munthu akufuna akulonjereni. Wakhala akukonzekera sabata yonse. Mudikire, zimatenga nthawi."

A Mawotchi anadikira. Kunamveka kupuma kolemera, kenako phokoso lothyoka, kenako chete. Anatseka chitseko cha shopu kuti msewu usasokoneze. Mawu anabwera pang'onopang'ono, okhuthala, ochita kukokedwa.

"Mwa... dzu... ka?"

Dzuwa linali litapendeka kale. A Mawotchi anavula magalasi, nakhala pansi.

"Ndadzuka bwino, achimwene. Kaya inu?"