Ndowa imene inatsala ndi nambala

Milandu ya kukhoti ndinailemba zaka zambiri ndili mtolankhani, koma umene ndinauthamangira popanda wondituma, nditapuma kale pantchito, ndi wa ndowa za m'dera lathu muno mu Mzuzu.

Pa chisankho cha khansala anapambana bambo wina wa malole. Amene anagonja, mphunzitsi wobadwira mumzinda muno koma makolo ake a ku Zomba, anakasuma. Madandaulo anali awiri: kuti wopambanayo anagawa ndowa kwa ovota, ndiponso kuti anthu ake ankalalikira kuti tisavotere wobwera.

Ndowazo ndinaziona ndi maso anga. Zinabwera pa lole masana ena pabwalo la mpira, zonse zobiriwira. Mayi aliyense ankaonetsa chiphaso chovotera, ndipo bambo wina ankalemba nambala ya chiphasocho kunsi kwa ndowa ndi penti wakuda, kuti wolandirayo aziganiza kuti voti yake idzadziwika. Koma asanalembe ankayamba wafunsa m'Chitumbuka kuti kumudzi n'kuti.

Aneba anga awiri anali pamzerepo. Mayi a golosale, Asilamu a ku Mangochi, anali atakhala kuno zaka zoposa makumi awiri, ndipo Chitumbuka ankachilankhula kuposa ine. Atayankha kuti Mangochi, anauzidwa kuti ndowa zatha. Lole inali isanafike n'pakati pomwe. Wotsatira wawo, mayi a mapasa a ku Rumphi, mnzawo wa khomo loyang'anizana, analandira.

Zinawapweteka mayi a mapasa. Patapita masiku awiri anadzaza chinangwa m'ndowa yomweyo n'kukatula kwa mnzawo. Ndiye kwathu chotengera cha mnzako subweza chopanda kanthu. Mayi a golosale sanafune kuikamo za m'shopu, ankadikira mpunga wa kwawo umene mlongo wawo analonjeza. Mpunga unachedwa, ndowa inakhala pamwamba pa kabati. Mbiri ya mlandu itamveka, dera lonse linapala manambala ndi mipeni ndi mchenga. Ya pakabati yokha ndiyo inatsala ndi nambala yake.

Mayi a golosale anavomera kukhala mboni ya mphunzitsi, ndipo loya wake ankaifuna ndowayo. Anabwera nayo kwa ine ataikulunga m'chitenje.

"Aneba, inu munali a nyuzipepala. Nambala iyi angadziwe nayo mwini wake?"

"Mosavuta," ndinatero. "Ndipo wolandira naye angathe kufunsidwa."

Anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mnzawo. Tinawapeza akuyanika zovala.

"Asisi, ndowa yanu akuifuna kukhoti."

"Ndowa yanga? Ndinakupatsani chinangwa kuti mudye, inu mukufuna mundimangitse nacho? Abambo a mapasa amayendetsa lole ya munthu ameneyo. Akawachotsa ntchito tidya chiyani, ndowa?"

"N'chifukwa chake ndabwera kudzafunsa."

"Yewo chomene, mwafunsa. Ndakana."

Mawa lake mayi a golosale sanadikirenso mpunga wa kwawo. Anathira wa m'shopu n'kukabweza ndowa. Mnzawo analandira osathokoza. Kwa milungu iwiri makomo awiri aja sanapatsane moni, anthu amene ankabwerekana makala amoto m'mawa uliwonse.

Tsiku la umboni kunali kamvula kowaza, kozizira, koma njinga za kabaza zinkangotsanana panjira ya kukhoti. Kunabwera anthu a ku Geisha, a ku Msongwe, amene chisankhochi sichinkawakhudza n'komwe. Ena anaima m'mawindo. Ine ndinapeza malo pabenchi yachiwiri, kope pabondo ngati tsiku langa loyamba pantchito.

Mayi a golosale anafotokoza zonse mwadongosolo: lole, funso lija, penti wakuda. Kenako anaimirira loya wa khansala, munthu wamtali wolankhula mofatsa.

"Mayi, inu munalandira ndowa?"

"Ayi, bwana."

"Muli nayo ya nambala kuti tiione?"

"Ndilibe."

"Ndiye khoti likhulupirire nambala imene palibe munthu ali nayo?"

Anthu a khansala anaseka.

"Ndinali nayo," anatero mayiwo. "Ndinabweza kwa mwini wake."

"Mwini wakeyo ndani?"

Loya anabwereza funso. Jaji anawakumbutsa kuti alumbira, ayenera kuyankha. Mayiwo anakonza mpango wawo n'kuyang'ana pansi.

"Bwana, ameneyo ndi mnzanga. Sananditume kuti ndimutchule."

"Ndine ine!"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Tonse tinatembenuka. Mayi a mapasa anali ataimirira, ndowa atainyamula m'mwamba chozondotsa, nambala ikuoneka bwinobwino.

"Musiyeni mnzangayo! Ndowa ndi iyi, nambala ndi yanga, chiphaso ndili nacho m'chikwama!"

Khoti linasanduka msika. Ena ankaimba m'manja, wina panja analiza nthungululu, a pawindo ankafotokozera a kumbuyo kwawo. Ine cholembera chinandigwa, ndinachipeza pansi pa nsapato ya munthu. Jaji anakalipa, anati m'khoti munthu salankhula ngati pamsonkhano, n'kuimitsa mlandu kaye. Maloya anakangana tsiku lonse ngati mboni yatsopano ingaloledwe mochedwa chonchi. Jaji analola, bola mayiwo ayambe alemba umboni wolumbira ndipo mbali inayo ipatsidwe nthawi. Mlungu wotsatira mayi a mapasa anaima m'bokosi la mboni. Atangotero, amayi ena atatu anabwera ndi ndowa zawo zopalapala, ndipo pa ziwiri penti ankaonekabe m'mizere ya pulasitiki.

Chigamulo chinatenga miyezi. Jaji anachiwerenga m'Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka masana, ife tikuyembekezera ndime yomaliza. Itafika yoti chisankho chichitikenso, ndinapezeka ndili panja ndikukumbatirana ndi bambo wa kabaza amene sindinkamudziwa. Mayi a mapasa sanaimbidwe mlandu. Koma amuna awo ntchito ya lole inatha, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyendetsa minibasi za anzawo masiku amene eni ake adwala.

Pa chisankho chobwereza ndinaima pamzere kumbuyo kwa amayi awiriwo. Anabwera limodzi, akukangana za mtengo wa tomato.

"Lero ndiye mukudziwa kovotera, asisi," anatero mayi a golosale.

"Ndikudziwa. Ndivotera yemwe uja."

"Yemwe uja? Wachotsa amuna anu ntchito uja?"

"Anatikonzera mlatho, ana amawoloka bwino popita kusukulu. Inu voterani aphunzitsi anuwo. Ine ndimuvotera, koma ulendo uno mwaulere."

Mayi a golosale anaseka mpaka wapolisi anatiyang'ana, kenako anawakankha mnzawo kuti asunthe, mzere unali ukuyenda.